SUN LUTANG, MWANA WA MLIMI AMENE ANALEMBA ZINSINSI ZA KUNG FU M'MABUKU

Anthu ambiri akamva liu lakuti kung fu amakumbukira zimene anaona pa kanema, pamene munthu mmodzi agwetsa adani khumi, nalumpha pamwamba pa denga la nyumba, naswa njerwa ndi dzanja lopanda kanthu. Koma ku China, kumene masewera amenewa anacokera, liu limeneli litanthauza luso liri lonse limene munthu walipeza mwa khama pa zaka zambiri, kotero kuti ngakhale mmisiri wa matabwa kapena wophika wodziwa nchito yake anganenedwe kuti ali ndi kung fu. Mmodzi wa anthu amene moyo wao ugwirizana ndi tanthauzo limeneli ndi Sun Lutang, mwana wa mlimi wosauka, amene anaphunzira mitundu itatu ya luso lomenyana kwa aphunzitsi ochuka a m'nthawi yake. Atakula anacita cinthu cimene akulu-akulu ambiri a luso limeneli sanali kucita: analemba zimene anaphunzira m'mabuku kuti ali yense awerenge.

Sun anabadwa m'caka ca 1860 m'mudzi wina pafupi ndi mzinda wa Baoding, m'cigawo ca Hebei, kumpoto kwa dziko la China. Dzina lakuti Sun ndi la banja, pakuti anthu a kumeneko amayamba ndi dzina la banja pochula munthu. Dzina lake la ubwana linali Fuquan. Masiku amenewo dzikolo linali m'manja mwa mafumu a banja la Qing, ndipo zinthu sizinali bwino. M'caka comweco cimene mwanayu anabadwa, asilikari a ku Britain ndi France analowa mu Beijing natentha nyumba zacifumu za kunja kwa mzindawo. Kumidzi kunali misonkho yolemera, njala ndi acifwamba.

Zambiri za ubwana wake zidziwika cifukwa ca zimene mwana wake wamkazi, Sun Jianyun, anasimba atakalamba. Atate ake a Sun, ngakhale anali osauka, anamtumiza kwa munthu wina wophunzira wa m'mudzimo kuti adziwe kuwerenga ndi kulemba, ndipo malipiro ake anali zokolola za m'munda. Maphunzirowo sanakhalitse. Atate ake anamwalira iye akali mwana, munda unapita, ndipo mnyamatayo anakalowa nchito kunyumba ya mwini minda wina wolemera, kumene anali kulandira cakudya cabe, ndi kumenyedwa kawiri-kawiri. Pofuna kudziteteza anayamba kuphunzira za nkhonya kwa mphunzitsi wina wa m'deralo. Tsiku lina anabwezera wacibale wa bwana wakeyo amene anali kumzunza, ndipo nchito inathera pomwepo.

Pambuyo pake anapita ku Baoding kukakhala ndi mbale wina wa makolo ake, amene anali ndi sitolo ya maburashi olembera. Anthu a ku China kale anali kulemba ndi kaburashi ka ubweya koviika mu inki, ndipo mnyamata wokhala m'sitolo yotero sakanalephera kupitiriza kuphunzira zilembo. Kumeneko ndiko anakumana ndi Li Kuiyuan, mphunzitsi wa mtundu wa nkhonya wochedwa xingyiquan.

CAKA CATHUNTHU CONGOIMA

Kulandiridwa ndi mphunzitsi wotere sikunali ngati kulembetsa sukulu. Wophunzira anali kugwada ndi kuweramitsa mutu mpaka pansi pamaso pa mphunzitsi, ndipo kuyambira tsiku limenelo anali kumtenga ngati atate ake, kumtumikira ndi kumumvera. Mphunzitsi naye anali kuyesa mtima wa mwanayo kwa nthawi yaitali asanamuonetse zakuya, pakuti kuphunzitsa munthu woipa mtima luso lotere kunali kunola mpeni umene udzakuceke wekha.

Banja la Sun limasimba kuti caka conse coyamba Li sanaphunzitse mnyamatayo kumenya ngakhale nkhonya imodzi. Anamuonetsa kaimidwe kamodzi kokha, kochedwa santi. Munthu aika phazi limodzi kutsogolo, lina kumbuyo, napinda maondo pang'ono, kulemera kwa thupi kwakukulu kuli pa mwendo wa kumbuyo. Dzanja limodzi alitambasulira kutsogolo, lina alisunga pafupi ndi mcombo. Msana ukhala woongoka, mapewa ogwa, zigongono zoloza pansi, maso ali pa cala ca kutsogolo. Kenaka aima comweco osagwedezeka. Wongoyamba kumene miyendo imamnjenjemera nthawi isanapite patali, ndipo thukuta limayenderera ngati walima ndime.

Kwa woonerera, izi zioneka ngati kuzunza mwana cabe, koma aphunzitsiwo anali ndi cifukwa comveka. Mphamvu ya nkhonya sicokera m'dzanja lokha. Imayambira pa phazi loponda nthaka, nikwera m'mwendo, nidutsa m'ciuno ndi pamsana, kenaka nifika ku dzanja. Munthu wopinda msana kapena wokweza mapewa amaidula mphamvuyo panjira. Wodziwa kudula mtengo ndi nkhwangwa azindikira zimenezi msanga, pakuti wodula ndi mikono yokha amatopa dzuwa lisanakwere, pamene wodula ndi thupi lonse amafika madzulo. Kuima kwa nthawi yaitali kumalimbitsa miyendo, ndiponso kumakakamiza thupi kuleka kuuma kumene kulibe nchito, cifukwa munthu wodziumitsa sangathe kupirira.

Atakhazikika pa kaimidweko, Sun anaphunzira nkhonya zisanu zimene ziri maziko a xingyiquan, ndipo iri yonse imafanizidwa ndi cimodzi ca zinthu zisanu zimene anzeru akale a ku China anali kunena kuti ndizo ziyendetsa cilengedwe. Piquan, ya citsulo, imagwa kucokera pamwamba ngati nkhwangwa. Zuanquan, ya madzi, imakwera mopota. Bengquan, ya mtengo, imapita molunjika ngati mubvi. Paoquan, ya moto, imaphulika, dzanja lina likuchinga kumutu. Yotsiriza ndi hengquan, ya dothi, imene imapatutsira mdani kumbali. Wophunzira amabwereza nkhonya imodzi akuyenda mzere wolunjika, akafika kumapeto a bwalo atembenuka nabwereranso, tsiku ndi tsiku. Pamwamba pa izi pali mayendedwe khumi ndi awiri otengera nyama, monga kavalo, pusi, njoka, tambala, namzeze, ciombankhanga ndi cimbalangondo. Colinga si kusewera ngati nyamayo ai, koma kutengako cinthu cimodzi cimene imacita bwino, monga kukhazikika kwa tambala pa mwendo umodzi kapena kugwira kolimba kwa ciombankhanga.

Patapita zaka zitatu Li anaona kuti mnyamatayo wafika pamene iye sangamuonjezere zambiri. Sanamsunge cifukwa ca nsanje, koma anamtengera kwa mphunzitsi wake wa iye mwini, Guo Yunshen. Guo anali wochuka kumpoto konse kwa China cifukwa ca bengquan yake, imene anali kuiponya atasendeza phazi theka la sitepe cabe. Kumanenedwa kuti anazolowera kayendedwe kafupi kameneka ali m'ndende, miyendo iri m'maunyolo. Sun anakhala naye zaka zisanu ndi zitatu. Guo akamayenda pa kavalo kukaceza kwa aphunzitsi anzake, wophunzirayo anali kutsatira wapansi, atagwira mcira wa kavalo. Cifukwa ca kupepuka kwa thupi lake anampatsa dzina lakuti Pusi Wamoyo. Maulendo amenewa anamthandiza m'njira ina imene inaoneka patapita zaka zambiri, pakuti anakumana ndi nkhalamba zambiri za luso limeneli, namva ndi makutu ake zimene zinali kuphunzitsa.

KUZUNGULIRA BWALO

Munthu wina akanakhutira pamenepa natsegula sukulu lake. Sun anapita ku Beijing kukayambanso ngati mwana kwa Cheng Tinghua, mmisiri wa magalasi a m'maso, amene anali katswiri wa baguazhang. Mtundu umenewu unali watsopano ndithu. Unafalitsidwa ndi Dong Haichuan, amene anamwalira m'caka ca 1882, ndipo Cheng anali mmodzi wa ophunzira ake oyamba. Ndi Cheng amene anampatsa dzina lakuti Lutang.

Baguazhang isiyana kwambiri ndi xingyiquan. Xingyiquan imalowa molunjika ngati mkondo, pamene baguazhang imazungulira. Wophunzira ayenda mozungulira bwalo laling'ono, maondo opinda, mapazi akuyenda pafupi ndi nthaka monga munthu woyenda m'matope, ciuno citapotokera pakati pa bwalolo, manja ali otambasuka osakunga nkhonya. Nthawi ndi nthawi atembenuka mwadzidzidzi nayamba kuzungulira cobwerera. Pa ndeu, colinga cake ndi kucoka pamaso pa mdani ndi kupezeka kumbali kwake kapena kumbuyo kwake, kumene iye alibe pochingira. Cheng anali wogwetsana paunyamata wake, motero ophunzira ake anali odziwanso kukola mwendo ndi kugwetsa munthu pansi. Sun anaphunzira kwa iye pafupi-fupi zaka zitatu, kenaka anayenda m'zigawo zina, nabwerera kwao, nakwatira, nayamba kuphunzitsa anthu a kumudzi.

M'caka ca 1900 kunabuka cipolowe cacikulu cimene azungu anacicha Boxer, cifukwa oukirawo anali kucita masewera a nkhonya. Ambiri a iwo anali anyamata a kumidzi amene anauzidwa kuti miyambo ina idzacititsa kuti zipolopolo zisawalowe. Anaukira alendo ndi Akristu, ndipo asilikari a maiko asanu ndi atatu anabwera nalanda Beijing. Zipolopolo zinawalowa anyamatawo monga zimalowera munthu ali yense. Cheng Tinghua naye anaomberedwa ndi asilikari a ku Germany m'masiku omwewo.

Zitatha izi, luso la nkhonya linanyozeka. Ophunzira a m'mizinda anali kuliona ngati cinthu ca anthu osadziwa kanthu ndi okhulupirira zamatsenga. Kunena zoona, nchito yake yakale inali kutha. Akatswiri ambiri anali kudya cifukwa coperekeza amalonda ndi katundu wao m'njira za acifwamba, koma njanji ndi mfuti zinawalanda nchito imeneyo. Mphunzitsi akamwalira wopanda wophunzira wokhulupirika, zonse zimene anali kudziwa zinali kupita naye kumanda.

Sun anali ndi mwai umene anzake ambiri analibe, pakuti anali wodziwa kulemba bwino ndipo anthu ophunzira anali kumlemekeza. M'caka ca 1907 Xu Shichang, amene anali bwanamkubwa wa zigawo za kumpoto cakum'mawa, anamtenga kuti agwire nchito kwa iye. Xu ameneyu anadzakhala Pulezidenti wa China kuyambira 1918 mpaka 1922, ufumu wa Qing utagwa, ndipo Sun anatumikiranso kunyumba ya boma.

Asanafike kumeneko, cha m'ma 1912, nkhalamba ina ya dzina lakuti Hao Weizhen inabwera ku Beijing nidwala kwambiri kunyumba ya alendo, kopanda wacibale woisamala. Sun atamva anakaitenga, naisunga kunyumba kwake, naifunira mankhwala mpaka inacira. Hao anali katswiri wa taijiquan, imene ambiri aidziwa ndi dzina lakuti tai chi, ndipo pothokoza anaphunzitsa Sun zimene anali kudziwa. Apa Sun anali atapitirira zaka 50, ali ndi ophunzira ake-ake ndi mbiri yomveka kutali. Si akulu-akulu ambiri amene angavomere kuongoledwa cigongono ndi munthu wina pa msinkhu wotere.

Taijiquan imacitidwa pang'ono-pang'ono, mofewa, ngati munthu akuyenda m'madzi. Anthu awiri akamayesana amagundanitsa mikono nakankhana mosaleka, ali yense akumvetsera ndi khungu lake kumene mnzake akulozetsa mphamvu. Wokankhidwa salimbana nayo mphamvuyo, koma amaipatsa njira, ndipo wokankhayo akapitirira muyeso amagwa ndi kulemera kwake komwe. Sun anatenga zimene Hao anamphunzitsa nazisakaniza ndi mayendedwe a mitundu iwiri ija. Cimene cinatulukapo cidziwika lero kuti taijiquan ya banja la Sun. Wocita saima motsika kwambiri. Phazi limodzi likapita kutsogolo linzake limatsatira, likabwerera kumbuyo linzake limabwereranso, ndipo pa kutembenuka kuli konse manja amatseguka ndi kutsekeka patsogolo pa cifuwa.

MABUKU ASANU

Buku lake loyamba, lonena za xingyiquan, linatuluka m'caka ca 1915, ndipo linali limodzi la mabuku oyamba kufotokoza luso lotere poyera, ndi zithunzi za mlembi mwini wake akuonetsa kaimidwe kali konse. Kufikira caka ca 1927 anatulutsa mabuku asanu: la xingyiquan, la baguazhang, la taijiquan, la kagwiritsidwe ka lupanga, ndi lina lochedwa Quanyi Shuzhen, m'mene anasonkhanitsa ziphunzitso za nkhalamba zimene anakumana nazo, pamodzi ndi mbiri zao mwacidule. Ambiri a akulu-akulu amenewo sanasiye colembedwa ciri conse, ndipo zambiri zimene zidziwika za maganizo ao zinapulumuka kudzera m'buku limeneli.

Mmenemo muli ciphunzitso ca Guo Yunshen cakuti mphamvu ya wophunzira imadutsa masitepe atatu. Poyamba imakhala yoonekera, yolimba ndi yaphokoso. Kenaka imabisika, mayendedwe nafewa koma kulemera kwake kulipobe. Potsiriza imasungunuka m'thupi lonse, kotero kuti munthu safunikanso kuikonzekera. Palibe njira yolumphira sitepe loyamba. Sun anacenjezanso oyamba kumene za zolakwa zitatu zimene zimaononga thupi: kukakamiza mpweya, kugwiritsa nchito mphamvu youma, ndi kutukumula cifuwa. Awa ndi malangizo a munthu amene anaona anyamata ambiri akudzipweteka cifukwa cofulumira.

Mfundo yake yaikulu inali yakuti mitundu itatuyi, ngakhale ioneka yosiyana, muzu wake ndi umodzi, ndipo phindu lake loyamba ndi kulimbitsa thupi ndi kukhazika mtima pansi, kumenya kukubwera pambuyo. Iye ndiye anathandiza kwambiri kufalitsa cizolowezi cochula mitundu itatuyi pamodzi kuti ndi ya mkati, kusiyanitsa ndi ina yodalira liwiro ndi kuuma kwa minofu. Anafotokoza zonsezi ndi mau a m'mabuku akale a nzeru za ku China, ndipo ici cinakopa anthu ophunzira amene kale anali kunyoza.

Si zonse za m'mabukuwo zimene ziyenera kumezedwa osatafuna. Masamba ena ndi olemera ndi mau akuya amene sathandiza kweni-kweni munthu wofuna kudziwa poika phazi. Monga anzake a m'nthawi imeneyo, Sun anabwereza nthano zakuti mitundu imeneyi inayambidwa ndi ngwazi zamakedzana monga kazembe wa nkhondo Yue Fei, zimene ofufuza mbiri sazivomereza. Za iye mwini kunabukanso nthano zambiri, zakuti anagwetsa zimphona zocokera kunja ndi kuti anali kuzimirira pamaso pa anthu; nthano zotere zimamera pa dzina la katswiri ali yense wa masiku amenewo. Ndiponso buku silingagwire phewa la wophunzira ndi kulitsitsa. Ici n'cifukwa cake Sun sanaleke kuphunzitsa pamaso.

Kuyambira 1914 anali kuphunzitsa pa sukulu lina la masewera olimbitsa thupi ku Beijing, pamodzi ndi akatswiri ena a taijiquan monga Yang Chengfu ndi Wu Jianquan. M'caka ca 1928 boma linatsegula sukulu lalikulu la luso limeneli ku Nanjing, ndipo Sun anaitanidwa kukakhala mmodzi wa akulu ake. Sanakhalitseko, anasamukira ku sukulu la cigawo ca Jiangsu, kumene anaphunzitsa ali ndi zaka pafupi-fupi 70. Asilikari a ku Japan atalanda Manchuria m'caka ca 1931 anabwerera kumpoto. Anamwalira m'mwezi wa December 1933 kumudzi kwao kumene anabadwira, ali ndi zaka 73.

Mabanja ambiri a akatswiri sanali kuphunzitsa ana akazi, poopa kuti akakwatiwa adzapita nazo zinsinsi ku banja lina. Sun anaphunzitsa mwana wake wamwamuna, Sun Cunzhou, amene anamwalira m'caka ca 1963, ndiponso wamkazi uja Sun Jianyun. Pa zaka za cisokonezo ca Cultural Revolution, kuyambira 1966 mpaka 1976, aphunzitsi ambiri a miyambo yakale analetsedwa kuphunzitsa poyera ndipo ena anazunzidwa. Zitatha zimenezo Jianyun anayambanso kuphunzitsa ku Beijing, nakhala mutu wa luso la atate ake kufikira imfa yake m'caka ca 2003. Mabuku aja anasindikizidwanso, ndipo anamasuliridwa m'Cingerezi.

Taijiquan ya banja la Sun iwerengedwa pakati pa mitundu isanu yaikulu ya taijiquan, pamodzi ndi ya Chen, ya Yang ndi mitundu iwiri ya Wu. M'mwezi wa December 2020 bungwe la UNESCO linaika taijiquan pa mndandanda wa miyambo ya anthu yoyenera kusungidwa. Cifukwa cakuti mtundu wa Sun sufuna kupinda maondo kwambiri, m'maiko ambiri umaphunzitsidwa kwa okalamba ndi kwa odwala nyamakazi.